Chilombo cha ku Gévaudan ndi Kalata ya Episkopi wa ku Mende

Alipo makalata a abusa a Eklezia amene timaŵerenga kuti titsanzire, ndipo alipo ena amene tiyenera kuŵerenga kuti tichenjere. Kalata imene ndifuna kuti tiipende pano ndi ya mtundu wachiŵiriwu. Adailemba Ambuye Gabriel-Florent de Choiseul-Beaupré, Episkopi wa ku Mende m'dziko la France, pa 31 Disembala 1764, pamene chilombo chosadziŵika chinkapha ana ndi amai m'nkhalango za dayosizi yao. Mlembi wake sanali munthu woipa mtima kapena wosaphunzira. Anali nkhalamba ya zaka 79, yodziŵa Malembo Oyera ndi mabuku a Augustino Woyera, ndipo zimene adalembazo n'zimene ambiri a ife tingathe kulalika maŵa lomweli chilombo chitaloŵa m'parishi mwathu. N'chifukwa chake ndiyesa kuti nkwabwino tiiyang'ane pafupi.

Dziko lake ndi chilombo chake

Gévaudan ndi dziko lamapiri cha kumwera kwa France, kumene lero kuli chigawo cha Lozère. Nthaŵi imeneyo kunali nkhalango zoŵirira, madambo a zithaphwi ndi midzi ing'onoing'ono yotalikirana, ndipo nyengo yachisanu inali yaitali ndi yoŵaŵa. Anthu ake anali alimi osauka, odalira ng'ombe ndi nkhosa zoŵerengeka. Popeza akuluakulu ankatanganidwa ndi minda, ntchito yoŵeta inkagwera ana, ena a zaka 8 kapena 10 zokha, amene ankalaŵirira ndi ziŵeto kukaswera okha m'mphepete mwa nkhalango.

Pa 30 Juni 1764 mtsikana wa zaka 14, Jeanne Boulet, adaphedwa pafupi ndi mudzi wa Les Hubacs, kufupi ndi Langogne. Wansembe wa parishi ya Saint-Étienne-de-Lugdarès, polemba maliro ake m'buku la parishi, adatchula kuti mwanayo adafa osalandira masakramenti popeza adachita kuphedwa ndi chilombo cholusa. Kuyambira pamenepo mpaka Juni 1767 adafa anthu pafupifupi 100, ambiri mwa iwo ana ndi amai.

Boma silidangokhala. Poyamba kudabwera Kaputeni Duhamel ndi asilikali ake a pa akavalo. Atalephera, Mfumu Louis XV idatumiza alenje aŵiri otchuka a ku Normandy, bambo ndi mwana wake, a d'Enneval. Atalepheranso iwoŵa, idatumiza mlenje wa kunyumba yachifumu, François Antoine, amene mu Seputembala 1765 adaombera mmbulu waukulu m'nkhalango ya Les Chazes. Ndikati mmbulu ndikunena nyama ya ku Ulaya ija imene omasulira Malembo adaibwereka dzina la mmbulu wathu, ngakhale iyo ndi yaikulu kupambana wathuyu. Mtembo wake adakauwonetsa ku Versailles, ndipo kwa mfumu nkhani idathera pomwepo. Koma mu Disembala chaka chomwecho ana adayambanso kugwidwa, tsono ku likulu kunalibenso wofuna kumva. Maliro adapitirira mpaka pa 19 Juni 1767, pamene mlimi wina wa komweko, Jean Chastel, adapha nyama ina pa phiri la Mouchet, pa uzimba umene adamema Marquis d'Apcher. Kuchokera tsiku limenelo sipadafenso munthu.

M'zaka zitatuzo anthu sankati mimbulu. Ankati Chilombo, ngati kuti ndi dzina la munthu. Opulumuka ankasimba kuti n'chachikulu ngati mwanawang'ombe, chaubweya wofiirira, cha mzere wakuda pamsana ndi mchira wautali. Nkhani zitayenda pakamwa pa anthu zidanenepa: chimatha kuyenda ndi miyendo iŵiri, zipolopolo sizichiloŵa, chimaoneka tsiku limodzi m'midzi iŵiri yotalikirana, ndi munthu wosanduka nyama. Ophunzira a m'mizinda, poŵaseka alimiwo, adapeka nthano yaoyao: ankati ndi fisi wa ku Africa wothaŵa m'khola la munthu wina wachuma, ndipo zithunzi zina zosindikizidwa nthaŵiyo zidachitcha fisi ndithu. Nyuzipepala ya Courrier d'Avignon, imene nkhani za nkhondo zinali zitaithera chifukwa cha mtendere wa 1763, idapeza pa chilombochi chodzazira masamba ake miyezi yambiri. Akatswiri a mbiri a masiku ano, monga Jean-Marc Moriceau ndi Jay M. Smith, atafufuza m'mabuku a maparishi ndi m'makalata a boma, amaona kuti inali mimbulu ingapo yozoloŵera nyama ya munthu, monga zidachitikiranso m'zigawo zina za France m'zaka zimenezo.

Zimene kalatayo ikunena

Kalata ya Episkopi idatuluka patapita miyezi 6 chifere Jeanne Boulet, ndipo idaŵerengedwa kwa Akhristu m'matchalitchi a dayosizi. Maganizo ake akuyenda motere. Iyamba ndi kukumbutsa anthu masoka amene anali atawagwera kale: nkhondo yaitali, mliri wa ziŵeto, nyengo zosokonekera, matalala oononga minda. Masoka onsewo, ikutero kalatayo, anali machenjezo a Mulungu. Popeza anthu sadatembenuke mtima, tsopano Mulungu watumiza chilango choopsa koposa. Maziko a maganizoŵa akutengedwa kwa Augustino Woyera, amene adaphunzitsa kuti pansi pa Mulungu wolungama munthu sangakhale pa tsoka popanda cholakwa chimene chaliitana. Umboni wa m'Malembo ukuchokera kwa Mose, makamaka pa Deuteronomo 32:24, pamene Mulungu akuopseza Aisraele osamvera ndi mano a zilombo.

Itatero, kalatayo ikutchula olakwa. Ikutembenukira kwa abambo ndi amai amene ana ao ajiwa, niŵafunsa ngati sayenera kuopa kuti ndi makhalidwe ao oipa ndi kulekerera kwao polera ana zimene zaitana mkwapulo umenewu. Ikudzudzulanso achinyamata, makamaka atsikana ndi amai, kuti ataya manyazi ndi kudzilemekeza. Pambuyo pake ikulangiza ansembe kuti achotse m'mitima ya anthu nthano zabodza zonena kuti chilombocho sichingaphedwe, pakuti zimenezo ndi umbuli ndi zikhulupiriro zachabe za anthu wamba. Potsiriza ikulamula mapemphero a maora 40 pamaso pa Sakramenti Loyera, ndi mapemphero a onse Masabata atatu otsatana.

Tisanaidzudzule, tiipatse zake. Episkopi sadabise tsoka la anthu ake monga adachitira a ku Versailles chaka chotsatira. Adalitchula poyera, naliika pamaso pa Mulungu, ndipo anthu amene akuika maliro sabata ndi sabata ali nalo ndithu khumbo loti agwade pamodzi. Ponena kuti chilombocho chingathe kufa adachita bwino kwambiri, chifukwa mlenje wokhulupirira kuti chipolopolo sichiloŵa sayang'anitsa poombera, ndipo mudzi wokhulupirira zotero umangodikira imfa. Adaikaponso mphotho ya ndalama kwa amene adzachiphe. Komabe pomwepa mpamene tiyamba kuona mng'alu. Ngati chilombocho ndi mkwapulo umene uli m'dzanja la Mulungu, nanga wolipira munthu kuti authyole akulimbana ndi yani? Manja a Episkopi ankachita zanzeru kupambana zimene cholembera chake chinkalemba.

Augustino woikidwa pamalo posakhala pake

Mfundo ija Augustino adainena m'buku limene adalisiya losatha pomwalira mu 430, potsutsana ndi Julian wa ku Eclanum. Mkangano wao unali wa tchimo lobadwa nalo. Augustino ankati kuvutika kwa makanda, amene sadachimwepo okha, kukusonyeza kuti mtundu wonse wa anthu uli ndi bala kuyambira kwa Adamu. Kaya munthu agwirizane nayo mfundoyo m'mbali zake zonse kapena ai, iyo ikunena za mtundu wonse; sikuloza chala banja lakutilakuti. Episkopi adatenga mau onena za anthu onse naŵasandutsa mlandu wa anthu ena. Mseminale aliyense amene wamaliza chaka choyamba cha filosofiya aona pamene mlatho wathyokera: kunena kuti zoŵaŵa za m'dziko zili ndi chibale ndi kugwa kwa mtundu wa anthu sikutipatsa ufulu wonena kuti mai uyu waferedwa chifukwa cha tchimo lake. Mimbulu ikadamatsata kuchuluka kwa machimo, bwenzi itadzaza mabwalo a ku Versailles, osati mabusa a ku Langogne.

Thomas Aquinas Woyera akadathandiza pano. Iye amaphunzitsa kuti Mulungu, amene ali gwero loyamba la zonse, amayendetsa dziko kudzera m'zolengedwa zochita monga mwa chibadwa chake, zimene timazitcha zochititsa zachiŵiri. Amanenanso mosabisa kuti tchimo la munthu silidasinthe chibadwa cha nyama, ndi kuti mkango sukadakhala ndi moyo pakadapanda kupha nyama zinzake. Choncho mmbulu ukagwira mwana wokhala yekha pathengo, ukuchita zaummbulu. Funso loyenera wafilosofiya ndi mbusa ndi lakuti mwanayo adapezeka bwanji yekha pamenepo, wopanda mlonda, wopanda chida. Episkopi adalumpha zochititsa zachiŵiri zonse nakafika kwa Mulungu ndi phazi limodzi, ndipo polumphapo adalumphanso zonse zimene anthu akadatha kukonza.

Malembo amene adaŵasiya

Nzoona kuti Deuteronomo 32 ndi Levitiko 26 amatchula zilombo pakati pa zilango za chipangano. Koma kumeneko wolankhula ndi mneneri amene Mulungu wamuululira tanthauzo la zochitika, ndipo akulankhula kwa mtundu wonse. Episkopi wa ku Mende analibe chivumbulutso chotere, monganso ife tilibe. Chimene anali nacho ndi Baibulo lathunthu, ndipo m'menemo muli mabuku amene adalembedwa ndithu kuti aletse ulaliki wonga wake.

Abwenzi a Yobe nawonso ankadziŵa kuti Mulungu ndi wolungama, ndipo kuchokera pamenepo adaŵerengera kuti Yobe, amene ana ake adafa tsiku limodzi, ayenera kuti adachimwa. Pa Yobe 42:7 Mulungu akuŵakwiyira chifukwa sadanene zoona za Iye. Tiyeneranso kuzindikira kuti Mulungu poyankha Yobe akumuwonetsa zilombo: mkango, njati, Behemoti ndi Leviyatani. Sakuzitcha zikwapu zake. Akuziwonetsa ngati zolengedwa zokhala ndi moyo waozao kutali ndi midzi ya anthu, kuti Yobe adziŵe kuti dziko ndi lalikulu kuposa bwalo la milandu. Ezekiele 18 akukana kwathunthu maganizo oti mwana afe chifukwa cha tchimo la atate ake. Pa Yohane 9:1-3 Ambuye akukana kuti khungu la munthu uja lidachokera ku tchimo lake kapena la makolo ake. Ndipo pa Luka 13:1-5, ponena za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idaŵagwera, Ambuye akuitanadi anthu kuti atembenuke mtima, koma ayamba achotsa mlandu pa akufawo, kenaka nkuuika pamaso pa amoyo amene akumvetsera, monga akunena akuluakulu kuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Episkopi adatembenuza dongosolo limeneli: adasenzetsa katundu olira maliro, omvera ena nkupita kwao opepukidwa. Papa John Paul II, m'kalata yake Salvifici Doloris ya 1984, adabwerera kwa Yobe yemweyo pophunzitsa kuti si zoona kuti kuvutika kulikonse ndi chilango cha tchimo.

Koma mutu umene kusoŵa kwake kukundivutitsa koposa ndi Ezekiele 34. Kumeneko nkhosa zikujiwa ndi zilombo zakuthengo, ndipo mneneri akufunsa chifukwa chake. Yankho lake silikhudza nkhosa konse: zajiwa chifukwa abusa ankadzidyetsa okha. Mutu womwewo ukulonjeza kuti Mulungu adzachotsa zilombo zolusa m'dziko kuti anthu ake azitha kugona m'nkhalango mosaopa. Palibe malo ena m'Malembo ofanana ndi Gévaudan wa 1764 kuposa ameneŵa. Mbusa woŵerenga mutu umenewu mokweza akadayenera kuyamba ndi kudzifunsa yekha.

Zimene kalatayo idakhalira chete

Ndipotu panali zoti adzifunse. Episkopi wa ku Mende sanali mbusa wa mizimu chabe. Kuyambira zaka za m'ma 1300 udindo umenewu unkayenda pamodzi ndi ufumu wa dziko la Gévaudan, ndipo mwiniwakeyo anali wachibale wa Duc de Choiseul, nduna yaikulu ya mfumu. Alimi ankapereka msonkho kwa mfumu, zaulemu kwa eni malo, ndi chachikhumi ku Eklezia. Ufulu wosaka nyama unali wa mabanja a eni malo, kotero kuti alimi ambiri analibe mfuti. Asilikali obwera kudzaŵateteza ankagona ndi kudya m'midzi mwao momwemo, ndipo mauzimba aakulu ankachotsa amuna zikwizikwi pa ntchito zao. Umphaŵi ndiwo unkatuma ana kubusa, pakuti banja losatulutsa ng'ombe kuopa chilombo likadafa ndi njala. Pa machimo amene kalatayo ikuŵerenga, aŵa palibepo. Ikuona kavalidwe ka atsikana, koma siikuona chimene chaika mtsikanayo yekha pakati pa nkhalango.

Yankho lidachokera kwa anawo. Pa 12 Januwale 1765, pasanathe masabata aŵiri chitulukire kalatayo, ana 7 a m'parishi ya Chanaleilles ankaŵeta pamodzi, atanyamula ndodo zomangirira mipeni kunsonga. Chilombo chitagwira wamng'ono mwa iwo, mnyamata wina, Jacques Portefaix, adaletsa anzake kuthaŵa. Adachithamangira mpaka m'chithaphwi, nachibaya mpaka chidamtaya mwanayo wamoyo. Mu Ogasiti chaka chomwecho Marie-Jeanne Vallet, mtsikana wogwira ntchito kwa wansembe wa ku Paulhac, adachilasa pachifuŵa ndi mkondo wake, napulumutsa moyo wake ndi wa mng'ono wake. Aŵa ndiwo achinyamata aja osaleredwa bwino, uyu ndiye mmodzi wa atsikana aja otaya manyazi. Chiphunzitso chimene chikadapulumutsa ana ambiri, chakuti mwana asapite yekha kubusa ndipo asapite chimanjamanja, adachilalika ndi iwoŵa.

Nthano yoloŵa m'malo mwa nthano

Tsono tafika pa chimene ndiyesa kuti ndicho cholakwa chachikulu. Episkopi adanyoza nthano za alimi osayamba wazimvetsera. Munthu wonena kuti chilombo chimayenda ndi miyendo iŵiri angathe kulakwa pa za miyendoyo, komabe pali chimene akunena choona: imfa iyi si ya masiku onse, ili ndi dzanja la munthu m'kati, ndipo ife tasiyidwa tokha. Malembo omwe akuidziŵa nzeru imeneyi. Chilombo choyamba chosadziŵika m'Baibulo ndi chija chimene Yakobe adakhulupirira kuti chadya Yosefe pa Genesis 37. Chilombocho kunalibe; kunali abale khumi, mkanjo ndi magazi a mbuzi. Pomwe pamveka mbiri ya chilombo, mbusa wanzeru amafunsa ngati palibe mlandu wa anthu umene wabisala kuseri kwake.

Nanga Episkopi adaika chiyani m'malo mwa nthano zimene adazithamangitsa? Mlimi ankati chilombochi chachita kutumidwa ndi munthu wamatsenga. Episkopi adati chachita kutumidwa ndi Mulungu. Nyumba ndi yomweyo, wasintha ndi mwini nyumba yekha. Onse aŵiri akuvomerezana kuti mano aja ali ndi woŵalozera, ndi kuti wojiwayo adachita kusankhidwa. Ndipo pa nthano ziŵirizi ya Episkopi ndiyo yoŵaŵa koposa, chifukwa mai amene mwana wake waphedwa ndi mfiti angathe kuthaŵira kwa Mulungu, koma amene wauzidwa kuti wapha mwana wake ndi Mulungu athaŵira kwa yani?

Mbeu imeneyi idamera. Mu 1889 wansembe wina wa dziko lomwelo, Pierre Pourcher, adasindikiza buku lalikulu la mbiri ya chilombochi, ndipo mutu wake womwe ukuchitcha mkwapulo weniweni wa Mulungu. Bukuli ndi lamtengo wapatali chifukwa cha zikalata zakale zimene adasonkhanitsamo. Koma ndi momwemonso mmene tipeza Jean Chastel atadalitsitsa zipolopolo zake, akuŵerenga buku la mapemphero, chilombo chikumudikira mofatsa kuti atsirize. Chikalata chimene mlembi wa boma adalemba tsiku lotsatira imfa ya nyamayo, chofotokoza maonekedwe ndi miyeso yake, sichitchula zoterezi. Olemba nthano a pambuyo pake adawonjezapo kuti zipolopolozo zinali zasiliva. Motero Eklezia amene adauzidwa kuti achotse nthano adakhala mmisiri wa nthano yokhalitsa koposa zonse.

Ku Dowa ndi kwathu kuno

Wina angafunse kuti za ku France za zaka 260 zapitazo zikutikhudza bwanji. Mu Malichi 2003, ine ndili m'seminale, anthu pafupifupi 4,000 a m'midzi ina ya ku Dowa adasiya nyumba zao nakagona ku boma chifukwa cha chilombo chimene chidapha anthu atatu ndi kuvulaza ena 16. Mu 2002 chinanso chinali chitapha anthu asanu chisanaomberedwe. A zanyama zakuthengo adati ndi fisi wachiwewe. Anthu ambiri adakana; ena ankati miyendo yake yakumbuyo sinali ya fisi, ena ankati ndi mzimu wa chija chidaphedwa chija wabwera kudzalipsira. Ndikukumbuka kuti ife aseminale tidagaŵikana monga momwe idagaŵikira kalata ya ku Mende: ena tinkaseka umbuli wa anthu akumudzi, ena tinkati Mulungu akulanga dziko. Sindikumbuka kuti wina wa ife adafunsapo chifukwa chimene anthu ongotuluka m'njala ya 2002, amene adamva kuti chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, akadakhulupirira msanga mau a boma akuti ndi fisi chabe. Kwa iwo mau akuti chabe ankamveka ngati akuti palibe chachitika.

Chinenero chathu chili ndi nzeru pa nkhaniyi imene Episkopi uja analibe. Mau akuti chilombo timatchulira nyama yolusa yakuthengo; timatchuliranso kachilombo kosaoneka ndi maso, konga kamene kamapengetsa fisi ndi galu; ndiponso ndi dzina la zija zimatuluka kudambwe pa Gule Wamkulu. Nthano ya ku Kaphirintiwa imati pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere, mpaka munthu adapeka moto natentha tchire. Nyama zidathaŵa zili ndi mkwiyo, kupatula galu ndi mbuzi, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Bambo Matthew Schoffeleers adaona kuti zilombo za Nyau zikamaloŵa m'mudzi pa maliro, nkuvina pakati pa anthu, nkubwereranso kuthengo, zikusonyeza kwa kanthaŵi chiyanjano chija chidatayika. M'maganizo ameneŵa nyama yakuthengo ndi mbale amene tidadana naye, ndipo woyamba ndeu anali munthu. Zimenezi zili pafupi ndi Yesaya 11, pamene mmbulu ukhala pamodzi ndi mwanawankhosa, ndiponso ndi Marko 1:13, pamene Ambuye akukhala ndi nyama zakuthengo m'chipululu, kuposa m'mene iliri kalata ya ku Mende.

Komabe tisadzinyenge ngati kuti za makolo zonse ndi zokoma. Pambali pa nthano ya ku Kaphirintiwa pali chikhulupiriro cha fisi wotumidwa ndi cha mfiti yokwera fisi usiku. Funso lakuti watuma ndani likafunsidwa pamudzi silikhala nthaŵi yaitali lopanda dzina, ndipo dzinalo kaŵirikaŵiri limakhala la nkhalamba yopanda woiteteza. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anai okalamba adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwao mphenzi itapha mtsikana. Wansembe amene aima pa guwa nkunena kuti tsokali latumidwa, ngakhale atati wotumayo ndi Mulungu, wavomereza kale theka la mlanduwo. Wakhazikitsa kuti pali wolakwa pakati pathu amene waitana tsokali, ndipo anthu potuluka m'tchalitchi adzatsiriza okha kumfunafuna.

Lamulungu lotsatira maliro

Nanga tilalike chiyani chilombo chikaloŵa m'parishi? Ndiyesa kuti kalata ya ku Mende, poiŵerenga chobwerera, ikutiphunzitsa. Tiyambe ndi kumvetsera nthano za anthu mpaka kumapeto, osaseka, kufikira titamva mantha ndi dandaulo zimene zili pansi pake. Tinene zoona za nyamayo monga tikuzidziŵira: kuti fisi wachiwewe saopa munthu ndipo amaluma aliyense wokumana naye, kuti bala lotere liyenera kutsukidwa msangamsanga ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo wolumidwayo afike kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera, chifukwa chiwewe chikayamba kuoneka m'thupi sichichizika. Tifunse m'miphakati kuti ndi ana ati amene amapita okha kudambo ndi kunkhuni, ndi nkhalamba ziti zimene zimagona m'nyumba zopanda chitseko cholimba. Tikagogode kwa amene ali ndi udindo woteteza anthu, ndipo tisatope. Dzina la nkhalamba ina likayamba kunong'onedwa, tikapezeke titakhala pakhonde pake. Tipemphere ndithu, maora 40 ngakhale kupitirira, koma kwa Mulungu wa pa Ezekiele 34, amene ali kumbali ya nkhosa. Ndipo funso lakuti watuma ndani tilikane poyera, kaya yankho loperekedwa ndi dzina la mnansi kaya ndi dzina la Mulungu.

Pa Yohane 10 wolembedwa ganyu amadziŵika pamene mmbulu wafika, pakuti amathaŵa. Kuthaŵa kulipo kwa miyendo, kuliponso kwa pakamwa, pamene mbusa abisala m'chiphunzitso chachikulu kuti asayang'ane bala limene lili patsogolo pake. Ambuye de Choiseul-Beaupré adamwalira mu Julaye 1767, patangopita masabata oŵerengeka Jean Chastel ataombera mfuti yake, ndipo kuweruza mtima wao si kwathu. Kalata yao lero amaiŵerenga ofuna kudziŵa m'mene anthu a nthaŵi imeneyo ankaganizira. Koma ofuna kudziŵa chimene chidachitikadi ku Gévaudan amapita ku mabuku a ansembe akumidzi aja, amene ankayenda m'chisanu kukatola zotsala za mwana, nkumuika m'manda, nkubwerera kukalemba dzina lake, zaka zake, mudzi wake ndi tsiku limene adafa. Inu abale amene mukukonzekera unsembe, mukadzapatsidwa parishi ya m'mphepete mwa nkhalango, mudzayambire pa ntchito ya ansembe ameneŵa.